Mutu wa Amayi Unali ndi Mwini Wake

Amayi anga anali telala wa pakhonde. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ina kumunsi kwa msika wa Ndirande, ndipo aliyense amene anasoketsapo kwa iwo ankadziwa kuti msoko wawo sukhota komanso mphuno yawo sinamizika. Ankadziwa kuti aneba apsereza nyemba eni akewo asanadziwe. Kasitomala akabwera ndi nsalu ankayamba ainunkhiza kaye, kenako n'kumuuza mwini wake kuti, "Iyi mwagula pakaunjika, musandinamize kuti ndi ya m'shopu." Ine ndili mtsikana sindinkayerekeza kuima pafupi ndi anyamata osuta fodya, chifukwa kunyumba mlandu unkayamba ndisanavule n'komwe nsapato.

Ndiye tsiku limene anapsereza dilesi la mkwatibwi ndinadziwa kuti pali chimene chalakwika. Ndinali pomwepo, chifukwa linali Loweruka ndipo kusukulu kumene ndimaphunzitsa ku Chilomoni kunalibe ntchito. Anaika simbi ya makala pa dilesi loyera lija n'kuyamba kuonerera maminibasi akudutsa. Fungo la nsalu yopserera linafika mpaka kwa mayi wogulitsa tomato kutsidya kwa msewu, amene anakuwa, koma amayi anali phee, utsi ukudutsa pansi pa mphuno pawo. Nditachotsa simbiyo panali chiboo chachikulu ngati mbale. Amayi anachiyang'ana n'kuyamba kuseka. Munthu amene ankasula msoko wonse chifukwa cha kaulusi kamodzi kotuluka, anaseka mpaka misozi, mwini dilesi akulira pambali pawo.

Kuyambira pamenepo zinthu zinangoyamba kutsetsereka. Anasiya kusamba pokhapokha nditawakakamiza. Ankatha kukhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nsalu za anthu zili mulu. Pamaliro ena ku Chemusa anaimirira m'nyumba ya siwa, anamfedwa akulira, n'kufunsa mokweza ngati ndiwo zapsa. Patapita masiku ochepa amayi a kumpingo anabwera kunyumba atavala yunifomu zawo, anapemphera, anaimba, kenako n'kunena kuti amayi ayambe aima kaye kuvala yawo mpaka khalidwe litasintha. Ndinayang'ana makolala a mabulauzi awo oyerawo. Onse anali osokedwa ndi amayi anga, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anafunsa kuti kodi munthuyu sakudwala.

Ku Ndirande madokotala ndi ambiri, chosowa ndi zipatala zawo zokha. Wina anati amayi ayamba kachasu mobisa. Wina anati telala mnzawo wa khonde loyandikana nalo wawalodza chifukwa cha makasitomala. Wina anati ndi mmene zimakhalira mkazi akasiya kusamba. Kukiliniki ya pafupi ndi kwathu anawayeza malungo, malungo osapezeka, koma mankhwala a malungo anawapatsabe, kuwonjezerapo panado wa mutu. Titabwereranso anati ndi kuganiza kwambiri. Ndinafuna kuwafunsa kuti kuganiza kwake kuti, poti vuto la amayi linali lakuti asiya kuganizira chilichonse.

Chimene chinatitsegulira njira ndi singano. Amayi anayamba kulephera kulowetsa ulusi, ndipo ine ndinati basi, bola tikawapezere magalasi, mwina akayambanso kuona bwino mtima wa ntchito ubwerera. Ndinawatengera ku chigawo cha maso pa chipatala chachikulu mumzinda. Mayi amene anawayeza anawaunika m'maso ndi kathochi, kenako anaunikanso. Anandifunsa ngati amayi asintha khalidwe. Ndinatsala pang'ono kumukumbatira, chifukwa anali munthu woyamba kufunsa funso limenelo popanda kunong'ona. Anati vuto silili m'maso koma kuseri kwa maso, ndipo anatitumiza kukajambulitsa mutu pa sikani.

Chithunzi chitatuluka anatilozera kwa dokotala wa opaleshoni za ubongo. Madokotala oterewa m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo mzere wa pakhomo pake unali ndi anthu ochokera kutali, ena atabereka ana otupa mitu, ena atanyamulidwa pamachira. Anali bambo wooneka wotopa, wolankhula motsitsa. Asanayang'ane n'komwe chithunzi anauza amayi kuti atseke maso, n'kuika sopo pansi pa mphuno pawo.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

"Palibe," anatero amayi.

Anaika khofi. Amayi anati palibe, n'kuseka. Dokotala sanaseke. Anapachika chithunzi chija powala n'kundionetsa chinthu chozungulira, choyera, chokhala pakati penipeni kumbuyo kwa chipumi.

"Ichi ndi chotupa," anatero. "Sichili m'kati mwa ubongo weniweni. Chamera pa kachikopa kamene kamakuta ubongo, apa pamwamba pa mphuno, ndipo chakhala chikukula pang'onopang'ono kwa zaka. Chinayamba n'kupha mitsempha ya fungo. Kenako chakankha mbali ya kutsogolo ya ubongo, kumene kumachokera manyazi, khama ndi kudziletsa. Amayi anu si amisala, ndipo si amwano. Akudwala."

Ndinalira pomwepo, osati chifukwa cha mantha koma chifukwa wina anali atawabwezera amayi dzina lawo. Dokotala anadikira kuti ndimalize, kenako anapitiriza. Anati zotupa za mtundu uwu kawirikawiri si khansa ndipo zimachotseka. Sanandibisire kuti opaleshoni yake ndi yaikulu, kuti munthu akhoza kutaya magazi ambiri, ngakhale kulephera kudzuka kumene. Anati fungo lokha lapita, silidzabwerera. Koma chotupacho chinali chitangoyamba kukanikiza mitsempha ya maso, ndipo maso akanatha kupulumuka tikafulumira. Anabwereza mawu amenewo, tikafulumira. Popeza amayi sankathanso kusankha bwino paokha, pankafunika kuti mwamuna wawo kapena mwana wamkulu asaine kuvomereza. Poti mwana wamkulu ndine, ndinati ndipatseni cholembera pompano. Iye anati ndi bwino nyumba yonse igwirizane, ndibwere ndi bambo pa tsiku limene anatipatsa loti amayi adzagonekedwe. Apo n'kuti mango akupsa, mvula yoyamba isanagwe.

Ndinapita kunyumba ngati munthu wonyamula uthenga wabwino. Bambo anga anamvetsera zonse atazolika, kenako anati, "Mwanawe, ine sindingasaine. Ine ndine mkamwini."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Bambo anga anabwera ku Ndirande ali mnyamata. Puloti anapeza okha, njerwa anaumba okha, malata anakhoma okha. Kumudzi kwa amayi ku Chiradzulu sanalimeko ngakhale mzere umodzi. Zaka zonsezi mawu akuti mkamwini sindinawamvepo m'nyumba mwathu, koma tsiku limenelo anatuluka pansi pa bedi ali opukutidwa bwinobwino. Kwathu mkazi ngakhale akwatiwe, akalambe, akhale ndi zidzukulu, amakhalabe wa mbumba ya mlongo wake. Mwinimbumba wathu anali amalume, mchimwene wawo wamkulu wa amayi. Bambo anati akasaina iwo amayi n'kutsikira kuli chete pa tebulo la opaleshoni, akuchikazi adzati mwamuna wapha m'bale wathu, ndipo mlandu wake sudzatha mpaka kumanda. Bambo anga si munthu woipa. Ndi munthu wamantha, ndipo ndinaphunzira chaka chimenecho kuti kwa wodwala kusiyana kwake n'kochepa.

Ndinati chabwino, tiwaimbire amalumewo. Ndinaimba ndekha, ndinafotokoza zonse mwaulemu, kuyambira pa dilesi mpaka pa chithunzi. Amalume anamvetsera, kenako anandifunsa kuti, "Kodi bambo ako amwalira?" Ndinati ayi. "Nanga matenda a mlongo wanga ndikuwamva kwa mwana, pa foni, ngati nkhani ya mtengo wa feteleza? Kwathu kuno matenda aakulu sanena pa foni. Mwamuna wake abwere adzandiuze atakhala pansi." Anadula.

Ndiye bambo anavala jekete n'kukwera minibasi kukanena matenda amene mwini wake anali atawamva kale. Anabwerako ndi yankho lakuti amalume amva, koma mutu umodzi susenza denga, ayenera kusonkhanitsa kaye mbumba. Mvula inagwa. Amalume anati adzale kaye. Atadzala kunagwa maliro m'mudzi. Maliro atatha inakwana nthawi yopalira. Ine ndinkaimba tsiku ndi tsiku mpaka anasiya kuyankha, ndipo uthenga unabwera kudzera kwa amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi amene amakhala ku Machinjiri, wakuti mwana ameneyu sukulu yamuwononga.

Tsiku limene dokotala anatipatsa litakwana ndinadzuka m'mamawa, ndinawasambitsa amayi, ndinalongedza zitenje, beseni ndi kapu. Ndinati ndisaina ndekha, lamulo likundilola. Potuluka ndinapeza bambo ataima pakhomo, amayi aang'ono ali kumbuyo kwawo, atabwera usiku wake dala.

"Ukupita nawo kuti achemwali anga?" anafunsa amayi aang'ono.

"Kuchipatala. Lero ndi tsiku lawo."

"Wakutuma ndani? Tamvera iwe, ukawatenga, akakafera kumeneko, maliro ake udzaika wekha. Ife sitidzapondako. Ukumva? Udzakumba wekha, udzaimba wekha."

Ndinayang'ana bambo. Misozi inali ikutsika m'masaya mwawo koma pakhomo sanasunthe. Anandilanda chikwama m'manja n'kunena kuti, "Pepa mwanawe, tidikire alamu. Akuti abwera sabata ya mawa." Ndinakuwa mpaka aneba anatuluka, ndipo anebawo anandigwira ine, osati iwo. Amayi anali atakhala pampando, atavala bwino, akuseka mmene tinkakokerana chikwama. Madzulo a tsiku limenelo ndinapita ndekha kukapepesa kwa dokotala. Sanandikalipire. Anati malo aja apatsa munthu wina, popeza odikira ndi ambiri ndipo thiyeta ya opaleshoni sidikira munthu. Anandipatsa mapiritsi ochepetsa kutupa kwa ubongo, n'kundiuza kuti mapiritsiwo amangogula nthawi pang'ono, sachotsa kanthu.

Amalume anafika chimanga chitamasula. Anakhala pampando wa bambo, bambo anakhala pa kampando ka kukhitchini, ife akazi pamphasa. Atamwa tiyi ndinatulutsa chithunzi cha sikani chija n'kuchigwira pawindo kuti aone okha ndi maso awo. Ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti munthu akachiona chinthu chozungulira chija sangatsutsenso. Amalume anaimirira, anavala magalasi, anachiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anawomba m'manja.

"Si ichi! Alamu, mwachiona? Chozungulira ngati dzira. Chinthu chotere chimamera chokha m'mutu mwa munthu? Ichi anachita kumuponyera."

Ndinayesa kufotokoza za kachikopa kokuta ubongo. Anandidula pakamwa. Anati azungu makina awo aona bwino, tiwathokoze, koma chimene chinalowa mwachikuda chimatulukanso mwachikuda. Anati mutu wa munthu si dzungu loti azilibowola, ndipo pa mbumba yathu palibe amene anatsegulidwapo mutu. Nditawauza kuti maso akupita, anandiyankha kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana iwe." Ndinawauza kuti Zengerezu adalinda kwawukwawu. Amayi aang'ono anandituma kukatsuka makapu.

Amalume anali atabwera ndi munthu wawo wa mankhwala achikuda wochokera kumudzi. Anawatema amayi mphini pachipumi ndi m'litsipa n'kupakamo zakuda. Mutu umene sunkayenera kukhudzidwa ndi mpeni wa dokotala unatemedwa ndi lumo logula pa okala, pakhonde, nkhuku zikudutsa. Munthuyo anatulutsa kanthu kokulunga m'sanza n'kunena kuti ndi chimene chinali m'mutu, ndipo amalume anabwerera kwawo mtima uli m'malo, atalamula kuti tidikire mankhwala agwire ntchito. Za kuchipatala anati adzanena iwo akaona kuti n'kofunika.

Ine ndi amene ndinatsala kuonerera mankhwalawo akugwira ntchito. Amayi anayamba kugunda mafelemu a zitseko ndi phewa la kumanzere. Anayamba kuthira tiyi pambali pa kapu. Ndikaweruka kusukulu ndinkawaphimba diso limodzi n'kuwaonetsa zala. Diso la kumanzere linayamba kuona zala ngati nkhungu, kenako dzanja lokha, kenako linasiyiratu. Ndinkauza bambo, bambo ankati auza alamu. Ndinapita kwa ankhoswe, ankhoswe anati iwo ndi a ukwati, za matenda ndi za mwinimbumba. Ndinapita kwa akulu a mpingo, anati sangalowerere za banja, koma atikumbukira m'mapemphero. Aliyense anali ndi ulemu wake woti ausunge, ndipo aliyense anausunga bwino kwambiri. Chopweteka kwambiri n'chakuti mwini masowo analibe nazo ntchito. Ndikawafunsa ngati akuona ankati, "Kwada msanga lero," dzuwa lili paliwombo, n'kuyamba kuimba.

Anthu atakolola, chiperoni chitayamba, amayi anagwa. Linali Lamlungu masana, bambo ali kutchalitchi. Ndinamva chidebe chikugubuduzika kubafa, ndipo ndinawapeza pansi akuphupha, thovu lili kukamwa. Sindinaimbire munthu aliyense wa mbumba. Ndinathamangira kwa aneba ena amene ali ndi kagalimoto konyamulira makala, tinawagoneka kumbuyo pa matiresi, n'kutsika nawo m'timisewu ta miyala tija mpaka kuchipatala. Dokotala atabwera kudzawaona m'wodi anawaunika m'maso n'kupumira m'mwamba. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangondifunsa ngati pali amene asaine. Ndinati ndilipo. Bambo anafika madzulo, jekete la kutchalitchi lili m'thupi, ndipo atamva kuti ndasaina anakhala pansi pabenchi n'kunena kuti, "Wachita bwino, koma alamu tiwauza chiyani?"

Tinadikiranso m'wodi kuti malo apezeke. Ndinakhala gadiyani ngati ena onse, kugona pansi pambali pa bedi, kuchapa zitenje m'mamawa, kuphika kukhitchini ya magadiyani utsi ukulowa m'maso. Kumeneko ndinapeza kuti nkhani yanga sinali yachilendo. Mayi wina wa ku Bangwe mwana wake anatupa mutu akudikira apongozi avomereze. Bambo wina mkazi wake anafa ziwalo achibale akukangana kuti apite kwa mneneri uti. Tinkafotokozerana tikusonkhezera moto, ndipo palibe amene ankadabwa ndi za mnzake.

Tsiku la opaleshoni anesi anawameta amayi tsitsi la kutsogolo. Zipsera za mphini zija zinaonekera bwino, ndipo nesi wina anaziyang'ana n'kundiyang'ana ine. Anawalowetsa m'mawa. Ine ndi bambo tinakhala pabenchi kunja mpaka dzuwa linapendeka. Amayi aang'ono sanabwere, amalume sanabwere. Anatumiza uthenga wakuti iwo asamba m'manja, chilichonse chochitika chili pamutu panga.

Dokotala atatuluka, chipewa cha kuthiyeta chili kumutu, anati chotupa achichotsa chonse ndipo amayi akupuma. Anafotokoza kuti anacheka kuseri kwa mzere wa tsitsi, anatsegula kachidutswa ka fupa la chipumi, anachotsa chotupacho pang'onopang'ono, n'kubwezera fupalo m'malo mwake. Bambo anagwada pansi pomwepo. Ine ndinafunsa za maso. Dokotala anati mitsempha ya maso anaipeza itaphwatalala chifukwa chokanikizidwa nthawi yaitali. Wa kumanzere unali utafa. Wa kumanja unatsala pang'ono, ndipo sakanalonjeza kanthu. Ndinamufunsa mosapita m'mbali kuti tikanabwera tsiku loyamba lija zikanakhala bwanji. Anazengereza, kenako anati, "Nthawi ija diso la kumanja linali labwino, ndipo la kumanzere linkaonabe."

Amayi anabwerera pang'onopang'ono. Masiku oyamba nkhope inali yotupa, ankangogona. Tsiku lina ndikuwapukuta kumaso anagwira mkono wa bulauzi yanga, anayendetsa chala pa msoko, anabwerezanso, kenako anati, "Anakusokera ndani zimenezi? Msoko wokhota chonchi, ndalama unapereka?" Ndinalira mpaka magadiyani anzanga anathamangira kuganiza kuti zavuta. Amayi anga anali atabwerera, ndi lilime lawo lomwe.

Koma nzeru zitabwerera zinabwera ndi katundu wake. Zonse zimene ankaseka zija anayamba kuzimva kupweteka nthawi imodzi. Anandifunsa za dilesi la mkwatibwi, ndipo titatuluka m'chipatala anandikakamiza kuwatsogolera mpaka kwa mtsikanayo kukapepesa. Anandifunsa zimene ananena pamaliro a ku Chemusa, ndipo nditawauza anadziphimba kumaso ndi chitenje. Diso la kumanja linangotsala kuona kuwala ndi zithunzithunzi za anthu. Tsiku lina anandiuza kuti ndiwakhazike pa makina. Anapalasa ndi phazi, makina analira bwinobwino monga kale, koma atagwira pa singano anachotsa dzanja, kenako anati ndiwafunditse chitenje makinawo. Madzulo ake anandiitana n'kunena kuti, "Undiuze zonse, usandibisire. Ndani anati chiyani." Ndinawauza zonse, kuyambira pa foni mpaka pa lumo. Sanalire.

Amayi a kumpingo anabwera kudzanena kuti yunifomu ija akhoza kuyambanso kuvala, Mulungu wachita zazikulu. Amayi anawathokoza mwaulemu. Amayi aang'ono anabwera ndi nthochi, akunena kuti iwo ankapemphera usana ndi usiku. Amene anachedwa ndi amalume, koma nawonso anafika, mango atayambanso kupsa.

Anakhalanso pampando wa bambo. Anamwa tiyi, anayang'ana chipsera cha amayi, anapukusa mutu moyamikira. Kenako anayamba kulankhula, ndipo ine ndinachita kudziluma lilime. Anati mbumba yathu Mulungu amaikonda. Anati mankhwala aja ndi amene anafewetsa chinthucho kuti madokotala achichotse mosavuta, ndipo tikanathamanga nthawi ijayi bwenzi pano tikunena zina. Anati ana a masiku ano amafuna zonse zichitike lero, koma mawu a akulu amakoma akagonera. Bambo anali pa kampando kawo kaja akugwedeza mutu. Ndinatsegula pakamwa, koma amayi anandigwira bondo.

Amalume anali ndi chizolowezi chimodzi kuyambira kale. Akabwera mutauni ankabwera ndi chovala chong'ambika, mlongo wawo n'kuwasokera ulere akucheza. Chizolowezi sichifunsa. Atamaliza ulaliki wawo anavula jekete n'kuliika pamiyendo pa amayi.

"Mlongo, thumba ili lakhala likundigwetsera makiyi. Tandigwirako pang'ono ndisananyamuke."

Bambo anayang'ana pansi. Amayi anafufuza thumbalo ndi zala mpaka anapeza pong'ambikapo. Anandiuza kuti ndiwapatse kachitini kawo ka singano, ndipo ndinawapatsa. Anasankha singano, anadula ulusi ndi mano monga ankachitira, anaunyowetsa kumapeto. Kenako anatambasula manja onse awiri kulozera kumene kunkachokera mawu a amalume, singano kudzanja lina, ulusi kudzanja lina.

"Achimwene, tandilowetserani ulusiwu."

Amalume anaseka pang'ono. "Aa, ine ndi singano? Mpatse mwanayu."

"Ayi, inuyo," anatero amayi, mawu ali pansipansi. "Paja mutu uno ndi wanu. Munati tidikire, tinadikira. Ndiye maso ake muli nawo ndinu. Lowetsani."

Amalume analandira. Anavala magalasi, anatembenukira kuwindo, anayesa, ulusi unapinda. Anaunyowetsa, anayesanso, ulusi unadutsa pambali. Ine sindinadzuke kukawathandiza, ndipo bambo, kwa nthawi yoyamba chaka chonsecho, nawonso sanadzuke. Amayi anakhala chomwecho, jekete lili pamiyendo, dzanja lili lotambasula, akudikira.